Matimati a m'nyumba za pulasitiki: tiyambe tawerengera

Aliyense wodutsa pa Lizulu kapena pa Bembeke m'chilimwe amaona milu ya matimati ikupsa ndi dzuwa, alimi akugulitsa pa mtengo wolira. Koma ikafika Januwale ndi Febuluwale matimati amasowa ndipo mtengo umakwera. Chifukwa chake n'chakuti m'madera okwera a Dedza ndi Ntcheu mvula ndi nkhungu zimanyowetsa masamba kwa nthawi yaitali, choncho matenda a chiwawu amatha munda m'masiku owerengeka. M'Juni ndi Julaye namonso kuzizira kumachedwetsa mbewu kukula.

Apa m'pamene pagona ubwino wa nyumba za pulasitiki, zomwe ambiri amazitchula kuti greenhouse. Denga limatchinga mvula ndi kusunga kafundidwe, madzi amafika pamizu kudzera m'mapaipi odontheza, ndipo mlimi amakolola pamene anzake alibe chogulitsa.

Komabe tisathamangire ngongole tisanalingalire zinthu zitatu. Choyamba ndi tizilombo. Kambozi ka Tuta absoluta, kochokera ku South America, kadafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo kadafalikira m'dziko muno. Ukonde wa nyumbayo ukangong'ambika kamalowa n'kuswana msanga chifukwa cha kufunda.

Chachiwiri ndi nthaka. Nyumba sisuntha ngati dimba, kotero tikabzala matimati pamalo amodzi chaka ndi chaka, matenda ofotetsa mbewu amakhazikika m'dothi. Kasinthasintha ndi mbatata ya kachewere, yomwe timalima kwambiri kumapiri kuno, sathandiza poti mbewu ziwirizi n'zamtundu umodzi ndipo zimagwidwa ndi matenda ofanana.

Chachitatu ndi ndalama. Pulasitiki, mapaipi ndi mbewu yamakono zambiri zimachokera kunja, ndipo zidakwera mtengo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pulasitiki imathanso pakapita zaka zochepa. Mlimi amene akolole pa nthawi yomwe msika wadzaza, n'kugulitsa kwa mavenda pamsewu, sadzabweza ngongole.

Ife tikuona kuti ulimiwu ungapindulire anthu akumudzi ngati alowa m'magulu, kufunsa alangizi a zaulimi, kubzala mowerengera kuti zokolola zigwe m'dzinja, ndi kupangana ndi ogula monga masukulu ogonera konko, mahotela ndi masitolo asanakumbe dzenje la mzati woyamba. Kupanda kutero, banja lidzatsala ndi mizati, nsanza za pulasitiki ndi ngongole.