BELO LOMANGA NDILO WINDO LATSOPANO

Abale anchito a m'makomboni, tamverani!

Loweruka tinapita kukasankha salaula pa msika wina mu Lusaka. Pansi pa mulu tinapeza jekete la ubweya lakalekale, losokedwa bwino ngati aja anali kubvala makalaliki a pa mgodi. Koma njenjete zinadya kolala, mabatani awiri panalibe. Pambali pace panali cikwama ca cikopa cocita cuku, ndi lamba woduka.

Titadandaula, mai wogulitsa anati: "Atate, kodi ine ndinaona za m'kati? Belo ndinagula lomanga ndi waya."

Apa ndipo pagona nkhani. Masiku a atsamunda makolo athu anali kugula pa windo, osaloledwa kulowa m'sitolo kukagwira nsalu. Mu 1956 Congress ya Harry Nkumbula inauza anthu kuleka kugula m'masitolo otere. Mu 1964 tinatenga ufulu. Nanga bwanji lero mai wathu apereka ndalama zace zonse pa katundu amene sanaone? Mukatuluka nsanza, mwini mabelo ataya ciani? Ogona ndi njala ndi ana a maiyo.

Jeketelo tinagula pa mtengo wotsika, telala wa pakhonde anaika cigamba, ndipo lidzatha zaka. Nsalu yabwino sitayidwa cifukwa ca kabowo. Koma cinyengo sicisokedwa cigamba. Tinena motere: eni mabelo alembe zoona pa belo lililonse, ndipo likakhala la nsanza abweze ndalama. Akakana, ogulitsa aleke kugula onse pamodzi, monga anacitira makolo. Mutu umodzi susenza denga.

Kwaca! Ngwee!