Thumba la chimanga lochoka ku Domwe limathera kuti?

Kukagwa tsoka kumunsi, anthu a ku Domwe sadikira kupemphedwa kawiri. Abusa kapena bambo mfumu akangolengeza chopereka chapadera, amayi a chigwirizano ndi a m'miphakati amasenza ndowa za chimanga ndi nyemba kupita nazo kutchalitchi. Sabata yotsatira mlembi amaimirira n'kuwerenga zomwe zasonkhedwa, ife n'kuomba m'manja. Nanga mlembi yemweyo amaimiriranso liti kudzatiuza mudzi womwe matumba aja anatsitsidwa, ndi mabanja omwe analandira?

Funsoli lili ndi pochokera. Namondwe wa Idai atasakaza Beira mu Marichi 2019, opereka thandizo anakumana mumzinda womwewo pa 31 Meyi ndi 1 Juni, nalonjeza madola 1.2 biliyoni, pomwe boma linkati pakufunika 3.2 biliyoni. Mwa zolonjezedwazo, ndi zingati zinasanduka malata padenga la munthu? Mu Epulo chaka chomwecho, a Human Rights Watch analemba kuti ku Nhamatanda atsogoleri ena a m'midzi ankafuna ndalama kuti alembe dzina la munthu pamndandanda wa olandira chakudya, ndipo amayi ena anakakamizidwa kugona nawo kuti apeze kampunga. Chakudya chinafika ndithu, koma amene anagwira cholembera ndiye anali mwini wake. Kodi kwathu kuno mndandanda amalemba ndani? Amauwerenga pabwalo, anthu onse akumva, kapena umalembedwa pakhonde la munthu mmodzi?

Tisanamizane kuti thandizo limayenda lokha. Lole imamwa dizilo, woyendetsa amadya, nyumba yosungiramo katundu imafuna mlonda. Namondwe wa Ana atadula mlatho wa pa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize, mu Januwale 2022, ulendo uliwonse wa katundu unavuta. Ndalama zotero palibe angazikane. Zotivuta ife ndi zinazi: maalawansi, misonkhano ya m'mahotela, malaya osindikizidwa dzina la bungwe, zikwangwani zazikulu kuposa mulu wa matumba. Pa mametikali 100 aliwonse, ndi angati amafika m'mbale ya wosowa? Ngati chiwerengerocho n'chosachititsa manyazi, akubisiranji?

Ena amati kufunsa za chopereka n'kusowa chikhulupiriro. Ayi, akuluakulu. Mu 2017 bungwe la Red Cross ndi Red Crescent la dziko lonse linavomera poyera kuti madola pafupifupi 6 miliyoni a thandizo la Ebola ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone anatayika mwachinyengo. Zinali zamanyazi, komabe linadziulula lokha. Kodi pali parishi, sinodi kapena bungwe kuno ku Angónia lomwe lingalimbe mtima chonchi? Kapena tikabisala kumbuyo kwa guwa, n'kumati zonse aziona Mulungu?

Mayi amene anatapa chimanga m'nkhokwe yake mwezi wa Febuluwale, njala ili pakhomo, safuna lipoti lamasamba ambiri la m'Chipwitikizi. Pepala limodzi la m'Chichewa lomatidwa pachitseko cha tchalitchi likwanira: tinalandira zakuti, mayendedwe anadya zakuti, zotsala zinapita kumidzi yakutiyakuti. Abusa, ansembe ndi akuluampingo a ku Domwe, Lifidzi ndi Ulongwe, musanalengeze chopereka china, tiwerengereni kaye za chapita chija.