Tsogolo la Chiuta likambidwe padoko

Mabungwe a chitukuko abwera ndi luso latsopano m'misonkhano yawo, lomwe akuti n'kuganizira za m'tsogolo. Anthu amagawidwa m'magulu, ena ajambule mapu a dera lawo mmene lidzaonekere zaka 20 zikubwerazi, ena aunjike nyemba pa vuto lomwe akuliopa kwambiri, ena achite sewero la chaka cha chilala. Njirazi n'zabwino ndithu. Chomwe ndikukana n'chakuti za nyanja ya Chiuta zizikambidwira m'mahotela a ku Liwonde kapena ku Cuamba, eni nyanja ali padoko kusoka maukonde.

Asodzi a pa Chiuta si ofunika kuwaphunzitsa kuona patali. Cha m'ma 1995, nyanja ya Chilwa itauma, eni makoka a nkacha anadzadza pa Chiuta. Anthu akumeneko anali atamva kale mmene makoka oterewa anapululira nsomba ku Malombe. Anakhala pansi n'kufunsana kuti akalekerera, ana awo adzavuula chiyani. Anakhazikitsa okha makomiti a m'madoko n'kupirikitsa nkacha ku mbali ya Malawi. Lamulo la usodzi la 1997, lomwe linalola anthu kuthandizana ndi boma posamalira nsomba, linawapeza atayamba kale. Panalibe chikwangwani cha bungwe, panalibenso alawansi.

Koma nzeru yawo inathera pamalire. Eni nkacha aja anangowolokera tsidya la Mozambique, ku Mecanhelas, kumene chiletsocho sichinkagwira ntchito, n'kumakokolola makumba ndi milamba ya nyanja yomweyo. Apa ndi pamene njira zoganizira za m'tsogolo zingagwire ntchito yeniyeni: kukhazika anthu a ku Machinga ndi a ku Mecanhelas pa mphasa imodzi, ajambule mapu amodzi, nyanja yonse mpaka ku nyanja ya Amaramba kumene madzi ake amalowera mu mtsinje wa Lugenda.

Mafunso ake si ovuta kupeza. Chiuta ndi nyanja yosaya. Chilwa ikadzaphwanso ngati mu 2018, asodzi ake adzalandiridwa motani, ndipo adzabwere ndi zida zanji? Mvula ya namondwe ngati Freddy wa 2023 ikadzamiza madoko ndi minda ya mpunga, anthu adzathawira kuti? Nanga njanji ya ku Nacala, yodutsa pa Nayuchi ndi Entre Lagos, ikadzabweretsa ogula nsomba ochuluka, adzapindule ndani? Aliyense mwa mafunsowa achitiridwe sewero m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chilomwe, ndipo amayi owamba nsomba ayankhule poyamba, poti mitengo ya nsomba ndi kusowa kwa nkhuni amazidziwa ndi iwo.

Ena anena kuti kukumanitsa maiko awiri ndi nkhani ya maboma. Zoona, koma maboma asainirana mapepala ambiri omwe msodzi sanawaonepo. Mutu umodzi susenza denga: mafumu a mbali zonse, makomiti a m'madoko ndi alangizi a usodzi agwirizane kaye pa zida zoletsedwa ndi chilango chake, Lilongwe ndi Maputo adzangotsimikiza.

Bungwe lililonse lopempha ndalama za msonkhano woganizira tsogolo la Chiuta lifunsidwe zinthu zitatu: msonkhanowo uchitikira pa doko liti, tsidya lina abwera angati, ndipo zomwe agwirizane adzazilondoloza ndani. Likalephera kuyankha, ndalamazo zigulire makomiti mabwato olonderera nyanja.