Bwalo la kadhi ku Mangochi lidzaweruza ndi lamulo la yani?

Msodzi wa ku Nkopola akamwalira n'kusiya boti, injini ndi chilimira, pasiwa pamakumana malamulo atatu. Mwambo wa Ayao umayang'ana ku mbumba, kwa alongo ake ndi ana awo. Shariya imapatsa mkazi wamasiye gawo limodzi mwa magawo 8 ngati pali ana, ndipo mwana wamwamuna amalandira magawo awiri pamene wamkazi walandira limodzi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limatsogoza mkazi ndi ana, osasiyanitsa mnyamata ndi mtsikana.

Ofuna mabwalo a kadhi, woweruza wachisilamu, ali ndi mfundo yomveka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya Amalawi, ndipo ku Mangochi ndiwo ochuluka. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati womangidwa kumzikiti, koma ukasokonekera umakathera kukhoti kwa woweruza amene mwina sanaphunzirepo za talaka (chisudzulo chachisilamu) kapena mahari (mphatso yaukwati ya mwamuna kwa mkazi). Ambiri amangopita kwa shehe, amene chigamulo chake sichilembedwa ndipo mwamuna akachinyoza palibe womukakamiza. Amene amalira ndi mkazi. Ku Kenya, gawo 170 la malamulo oyendetsera dziko a 2010 limalola mabwalo otere pa ukwati, chisudzulo ndi chuma cha masiye, bola onse awiri akhale Asilamu ndipo avomere.

Koma mawu oti avomere ndi opepuka papepala pokha. Mayi wamasiye wapamudzi angakane bwanji bwalo lachipembedzo chake, apongozi ndi akuluakulu amzikiti ali chimuyang'anire? Komanso makadhi a ku Kenya ndi cholowa cha nthawi ya Sultani wa Zanzibar, pamene kuno Chisilamu chinakula pamodzi ndi chikamwini, ndipo munda wa mbumba sulowa mosavuta m'masamu a Shariya. Nanga kadhiyo adzasankhidwa ndi yani, Muslim Association of Malawi kapena Qadria Muslim Association of Malawi, poti ngakhale pa miyambo ya maliro Asilamu sayendera imodzi? Akuluakulu sanaiwalenso bwalo lamiyambo limene linagamula kuti Orton ndi Vera Chirwa aphedwe mu 1983. Nkhaniyo ndi ina, koma inasiya mantha ndi bwalo lililonse lapambali.

Chimene chikusowa ku Nkopola ndi mlatho pakati pa mzikiti ndi khoti. Shehe wophunzitsidwa malamulo a dziko ayanjanitse anthu monga achitira ankhoswe, alembe zimene agwirizana, majisitireti wa ku Mangochi aziwunike n'kuzipatsa mphamvu. Ena adzati pamenepo Shariya yaikidwa pansi pa boma, koma ngakhale ku Kenya wosakhutira ndi kadhi amakachita apilo ku High Court.