Luso la ana athu likuthera kumapeto kwa makope

Aliyense amene anachongapo makope a ana a sekondale akudziwa zimene zimapezeka pa masamba awiri kapena atatu akumapeto. Kutsogolo kumakhala masamu ndi manotsi, koma kumapeto mumapeza minibasi yosenza matumba a makala, nkhope ya woyimba wina, kapena njovu itaima pafupi ndi mlambe. Zina n'zongotayitsa nthawi, koma zina mukaziona mumayamba mwaika kaye cholembera pansi. Sabata ino tiyeni tikambirane za ana amenewa, chifukwa kuno kwa Kalembo alipo ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo adzamaliza Fomu 4 popanda wowauza kuti dzanja lawolo lingathe kuwadyetsa.

Ku pulayimale mwana amaphunzira Expressive Arts. Amaimba, amavina, amaumba, amaluka ndi kujambula. Akangosankhidwa kupita ku sekondale, makamaka m'sukulu zoyendera ngati zathuzi, zonsezo zimathera pachipata. Phunziro la Creative Arts lilipo pa mndandanda wa maphunziro a sekondale, koma ndi lochita kusankha, ndipo sukulu imasankha zimene ingakwanitse. Pamene aphunzitsi ndi ochepa, mphunzitsi wamkulu amayamba waonetsetsa kuti Chingerezi, Masamu ndi Sayansi zili ndi eni ake. Sitingamudzudzule. Utoto, maburashi ndi mapepala okhuthala ndi zodula, ndipo aphunzitsi amene anasulidwa pa zojambula ndi osowa ngati madzi a m'chilimwe cha ku Balaka. Zotsatira zake n'zakuti mwana amene ankatamandidwa mu Sitandade 7 chifukwa chojambula bwino, mu Fomu 1 amapatsidwa chibalo chifukwa cha luso lomwelo.

Chodabwitsa n'chakuti dera lathu lino si lachilendo pa ntchito zamanja. Yendani pa msewu wochoka ku Liwonde kudutsa pa Ulongwe kulowera ku Mangochi, muona mikeka, madengu ndi zipewa za mlaza zili ndandanda m'mbali mwa msewu. Lowerani cha ku Zomba, mupeza osema ziboliboli ndi mipando. Sitolo iliyonse pa Ulongwe ili ndi chikwangwani, ndipo chikwangwanicho sichinadzilembe chokha. Telala amene amasokera akwati amayamba waona diresi m'mutu asanagwire sizasi. Anthu onsewa akudya za luso, koma pafupifupi onse anaphunzira poonerera amalume kapena agogo awo. Sukulu sinaikepo dzanja.

Teremu yathayi, pa sukulu imene ndimaphunzitsa, kalabu yathu ya zaluso inachititsa chionetsero chaching'ono tsiku la msonkhano wa makolo. Tinalibe ndalama yogulira zipangizo, choncho ana anagwiritsa ntchito zimene zili pafupi. Mapepala anali a matumba a simenti, owongoledwa pansi pa matiresi. Mtundu wakuda unachokera ku makala ndi mwaye, wofiira ku katondo, woyera ku laimu ndi phulusa. Atsikana ena anakatapa dothi kudambo n'kuumba miphika ndi tizifanizo ta amayi akusinja. Tinamanga zingwe m'kalasi n'kupachika zojambulazo ndi mapegi a zovala. Pansi pa ntchito iliyonse panali kapepala kokhala ndi dzina la mwana, fomu yake, ndi ziganizo ziwiri zofotokoza chimene wajambula.

Zimene anawo anasankha kujambula n'zimene zinandiphunzitsa zambiri. Palibe anawauza mutu, koma angapo anajambula njovu zili m'munda wa chimanga, pakuti amene amakhala kufupi ndi nkhalango ya Liwonde amaidziwa nkhani imeneyi kuposa mmene buku lililonse lingaifotokozere. Ena anajambula nyumba zogwa ndi madzi osefukira, kukumbukira namondwe wa Freddy wa mu March 2023. Mtsikana wina wa Fomu 2, amene m'kalasi sayankhula ngakhale mutamuloza, anajambula mzere wa zidebe pa mjigo, mwana wa yunifolomu ali kumapeto kwenikweni kwa mzerewo, dzuwa litakwera kale. Komiti ya makolo inakhala nthawi yaitali pa chithunzi chimenecho, ndipo nkhani ya kuchedwa kwa atsikana m'mawa inakambidwa tsiku limenelo mosiyana ndi mmene imakambidwira nthawi zonse.

Si makolo onse anasangalala. Bambo wina anandifunsa mosapsatira mawu kuti, "Aphunzitsi, mwana wanga ndinamutumiza kudzaphunzira kapena kudzaseweretsa makala?" Funso limeneli n'loyenera, ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi chipongwe. Kholo limene lagulitsa thonje kapena mbuzi kuti ligule yunifolomu ndi makope lili ndi ufulu wofunsa phindu la chilichonse chochitika pasukulu. Makolo ena, makamaka a chipembedzo cha Chisilamu chimene chili ndi anthu ambiri kuno, anali ndi nkhawa pa zojambula nkhope za anthu ndi kuumba zifanizo. Nkhawa imeneyinso tinaimva. Luso si nkhope zokha. Pali kulemba zilembo mokongola, kumene Asilamu akhala akukulemekeza kwa zaka mazanamazana, pali maluwa a pansalu, maonekedwe a mikeka, ndi mapulani a nyumba. Mwana angathe kukulitsa dzanja lake popanda kulakwira chikhulupiriro cha kwawo.

Kwa bambo uja ndi ena oganiza ngati iwo, yankho labwino ndi zitsanzo zooneka. Mu September 2022, pa bwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London anaimikapo chiboliboli cha John Chilembwe, yemwe uja timamuona pa ndalama zathu. Amene anachipanga ndi Mmalawi mnzathu, Samson Kambalu, yemwe anaphunzira zaluso ku Chancellor College ku Zomba asanapite ku England, kumene anafika pophunzitsa pa yunivesite ya Oxford. Anatengera chithunzi cha m'chaka cha 1914 chimene Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale John Chorley, Chilembwe atavala chipewa pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Anthu ochuluka amene anali asanamvepo za Chilembwe anamudziwa kudzera m'manja mwa munthu mmodzi amene analoledwa kuphunzira zaluso.

Sikuti mwana aliyense adzafika ku London, ndipo sitikuyenera kuwanamiza. Koma pafupi pompano, ku Mua m'boma la Dedza, kuli malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa m'chaka cha 1976. Kumeneko anthu akumudzi anaphunzira kusema ndi kujambula, ndipo ntchito zawo zakongoletsa matchalitchi ndi nyumba m'dziko muno ndi kunja komwe. Ku Dedza komweko kuli mapanga a Chongoni, malo 127 a zojambula za pamiyala amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambula zofiira ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa, ndipo zina mwa izo zinkagwira ntchito pa chinamwali. Makolo athu akale ankaphunzitsa ana awo ndi zithunzi. Ndife a lero amene tikuona ngati kujambula n'kusowa chochita.

Tsopano ndiyankhule ndi inu ophunzira, chifukwa ambiri mumafunsa za mwayi wa maphunziro ndi thandizo la fizi. Choyamba n'chowawa koma n'choona: luso lokha silingakulowetseni ku yunivesite. Kuti musankhidwe ku sukulu zaukachenjede za boma kudzera ku bungwe la NCHE mumafunika makirediti asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa zojambula, zisudzo ndi zoimba. Yunivesite ya MUST ku Thyolo ili ndi Bingu School of Culture and Heritage, kumene amaphunzitsa za chikhalidwe ndi luso. Makomo onsewa amatsegulidwa ndi mapointi. Choncho amene amathawa Masamu n'kukabisala kuseri kwa kalasi ndi pensulo akudzitsekera yekha chitseko chimene akufuna kulowa.

Mukasankhidwa, ndalama isakhale chifukwa choyamba chobwerera m'mbuyo. Boma lili ndi bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, la HESLGB, ndipo wophunzira zaluso ali ndi ufulu wopempha ngati wina aliyense. Ndi ngongole, mudzabweza mukayamba kupeza ndalama, ndipo ofunsira amachuluka, choncho mafomu ake ndi ofunika kuwalemba msanga ndi moona mtima. Amene mapointi sanafike, pali njira ya TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba ndi Soche ku Limbe. Ntchito monga kupenta ndi kukongoletsa nyumba, ukalipentala, ndi kusoka zimafuna diso ndi dzanja lomwe lija lojambula kumapeto kwa kope. Kwa amene mudakali ku sekondale ndipo kwanu zinthu n'zovuta, funsani mphunzitsi wamkulu za thandizo lodzera ku khonsolo ya boma, komanso la mabungwe monga CAMFED amene amathandiza atsikana. Thandizo lotere limayang'ana umphawi ndi khama la m'kalasi, koma mwana amene aphunzitsi amamudziwa ndi ntchito yooneka savuta kumulembera kalata yomuchitira umboni.

Chachiwiri, sungani ntchito zanu. Ana ambiri amajambula bwino lero, mawa pepala lomwelo lakulungidwira mandasi. Pezani katoni, idulenitu pakati, muisoke ngati chikwama, muzisungamo chilichonse chimene mwachita bwino. Kuseri kwa pepala lembani tsiku ndi chimene munagwiritsa ntchito. Miphika ndi ziboliboli sizilowa m'katoni, choncho pemphani mphunzitsi kapena m'bale amene ali ndi foni azijambule panja pamthunzi, kumbuyo kuli khoma loyera. Tsiku lina wina akadzati tionetseni zimene mumatha, mudzatulutsa ntchito ya zaka zinayi, osati mawu okha. Ngakhale mwini sitolo wofuna chikwangwani amayamba wafunsa kuti munalembapo kuti.

Chachitatu, chenjerani ndi akuba. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda mauthenga olonjeza maphunziro aulere kunja, kenaka amati tumizani kaye ndalama ya fomu pa nambala ya foni. Wofuna kukuthandizani fizi sayamba ndi kukulandani ndalama ya ufa. Uthenga uliwonse wotere kauonetseni kwa aphunzitsi musanatumize tambala imodzi kapena chithunzi cha chiphaso chanu.

Kwa aphunzitsi anzanga a m'sukulu za kwa Kalembo, kwa Amidu ndi kutsidya kwa Shire ku Machinga, ndikuti tisadikire kuti unduna utitumizire utoto. Kalabu imafuna mphunzitsi mmodzi, ola limodzi pa sabata ndi chipinda. Ngati mphunzitsiyo sadziwa kujambula, m'mudzi muli odziwa. Mayi woumba mbiya, bambo woluka mikeka ndi mnyamata wolemba zikwangwani angabwere kamodzi pa teremu, ndipo ana amene amachita manyazi ndi ntchito za makolo awo angayambe kuziona mwatsopano akaona aphunzitsi atakhala pansi kumvetsera. Sukulu zathu zimakumana kale pa mpira ndi pa mayeso oyeserera a m'dera. Chingatilepheretse n'chiyani kupatula kalasi imodzi tsiku la mpira kuti sukulu iliyonse ipachike zojambula khumi? A zisudzo ali ndi mpikisano wa ATEM, ndipo NASFEST imasonkhanitsa sukulu pa zisudzo, ndakatulo ndi magule. Wojambula wa kumudzi nayenso akufunika khoma loti anthu aone ntchito yake.

Kwa akuluakulu a zamaphunziro, pempho langa ndi laling'ono. Malawi Institute of Education, kumene amakonza silabasi, ili pa Domasi pompa, moyandikana ndi koleji yosula aphunzitsi a sekondale. Mutapatula masiku ochepa a tchuthi n'kuphunzitsa mphunzitsi mmodzi pa sukulu iliyonse mmene angayendetsere Creative Arts ndi zipangizo za kumudzi, phunziroli lingachoke papepala. Kwa amalonda a pa Ulongwe, Liwonde ndi Balaka, mphoto ya chionetsero siifunika kukhala njinga. Paketi ya mapensulo, yunifolomu, kapena kupatsa wopambana ntchito yolemba chikwangwani cha sitolo yanu n'kumulipira moyenera, n'zokwanira kuti mwana ndi makolo ake aone kuti lusoli lili ndi mtengo.

Ndipo inu makolo, m'mera mpoyamba. Mukapeza mwana akujambula, funsani kaye ngati wamaliza ntchito ya kusukulu. Ngati wamaliza, mupempheni akuonetseni chimene wajambulacho, ndipo mumuuze akachisunge pabwino. Teremu ikubwerayi, mukaitanidwa ku msonkhano wa makolo, kafunseni mphunzitsi wamkulu ngati sukulu yanu ili ndi kalabu ya zaluso. Ngati ilibe, funsani kuti iyamba liti.