Musanafunse za kamera, funsani za OTG

Wachinyamata akalowa m'shopu ya mafoni ku Lusaka kapena ku Chipata, funso loyamba limakhala la kamera. Ine ndikuti funso lofunika kuposa limenelo ndi ili: kodi foniyi imawerenga fulashi?

Nkhani yake ili motere. Zida ziwiri zikalumikizana pa USB, chimodzi chimalamula ndi kupereka magetsi a mavoti 5, chinacho chimangomvera. Kale wolamula anali kompyuta basi. M'chaka cha 2001 kunabwera USB On-The-Go, mwachidule OTG, yolola kachida kakang'ono kukhala kolamula. Android, amene mtima wake ndi Linux, anatsegulira mapulogalamu khomo limeneli mu 2011. Pa kawaya ka micro-USB pali kapini kachisanu kamene kamauza foni kuti tsopano ndiwe bwana.

Koma si foni iliyonse imavomera. Linux amadziwa kale kuyendetsa fulashi, kiyibodi ndi maikolofoni, ndipo ndi waulere. Opanga mafoni ena otchipa ndiwo amasiya kachipangizo kotulutsa magetsi, kapena amatseka mbali imeneyi m'pulogalamu. Pa bokosi salembapo kanthu.

Kwa inu a m'tauni mwina ndi nkhani yaing'ono. Kuno ku Chama si choncho. Ife odzipereka pa wailesi timapita kwa Tembwe, kwa Chikwa kapena kwa Chifunda kukajambula mawu a alimi a mpunga ndi a anthu amene njovu zawadyera m'munda. Netiweki imasowa, laputopu tilibe. Foni yokhala ndi OTG imalandira maikolofoni yabwino, mawu n'kumveka bwino pa wailesi. Imakoperanso pulogalamu yonse pa fulashi popanda kuwononga bando. Mphunzitsi angathe kunyamula Wikipedia pa fulashi n'kuitsegula ndi Kiwix popanda intaneti. Mwana wa sukulu akalumikiza kiyibodi, waphunzira kutaipa.

Ena adzati Bluetooth ilipo, mamemori khadi aliponso. Zoona. Koma Bluetooth imachedwa pa fayilo yaikulu, ndipo memori khadi siingakhale maikolofoni.

Choncho popita kukagula foni, makamaka yotumizira makolo kumudzi, tengani fulashi ndi kawaya ka OTG m'thumba. Yesani pomwepo musanalipire. Mafoni ena amafuna muyambe mwayatsa OTG mu settings, ndiye yang'ananinso mmenemo. Ikakana, isiyeni pa kauntala. Ogulitsa akaona makasitomala akubwerera ndi ndalama zawo, adzayamba okha kuitanitsa mafoni oyenera.