Mankhwala Ochokera Kutsidya la Nyanja Asamaonongekere Pakhomo

Mankhwala amene odwala amalandira pa chipatala cha St Luke's ku Malosa, kapena pa zipatala zing'onozing'ono za m'chigwa cha Domasi, amakhala atayenda ulendo wautali. Ambiri amapangidwa kunja, makamaka ku India. Popeza Malaŵi alibe doko la nyanja yamchere, katunduyu amatsikira ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo kuchokera kumeneko amabwera pa malole kapena pa sitima yapamtunda.

Paulendo wonsewu pali malamulo. Pangano la maiko la SOLAS la 1974 limafotokoza m'mene sitima yapamadzi iyenera kumangidwira ndiponso kunyamulira katundu. Kuyambira 2004, malamulo a ISPS amakakamiza madoko kukhala ndi chitetezo kuti anthu osaloledwa asayandikire katundu. Kontena iliyonse imatsekedwa ndi chidindo cha nambala, kuti ikatsegulidwa panjira zidziŵike. Kuno kumudzi, bungwe la PMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndilo limavomereza mankhwala oyenera kuloŵa ndi kugulitsidwa m'dziko.

Ena amati malamuloŵa amangochedwetsa katundu ndi kukweza mitengo. Kuchedwa kumakhalapodi, koma mankhwala ozembetsa amaopsa koposa. Mu 2017 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 alionse, amodzi ndi achinyengo kapena opereŵera mphamvu. Mwana wodwala malungo akamwa otere, makolo amaganiza kuti walandira chithandizo, pomwe matenda akunka nakula.

Chomvetsa chisoni nchakuti mankhwala otetezedwa bwino panyanja amadzaonongekera pafupi ndi wodwala. Oyalidwa pamsika amakhala padzuŵa tsiku lonse, ndipo wogulitsa sangathe kunena kumene anachokera. Ena amaonongekera m'nyumba, chifukwa choikidwa m'khitchini motentha, pazenera, kapena pamalo a chinyezi nthaŵi ya dzinja.

Choncho bambo ndi mayi aliyense ndiye mlonda wotsiriza paulendowu. Ayenera kulandira mankhwala kuchipatala kapena kugula m'sitolo yovomerezeka, kufunsa a namwino tsiku limene adzathere mphamvu, ndi kuwasunga pouma, pozizira bwino, posafikira ana. Mankhwala amene asintha mtundu, anyoŵa kapena ayamba kufumbutuka abwezedwe kuchipatala, asapatsidwe kwa wodwala.